Chithunzi Chinatsogola Uthenga wa Maliro

Nditapuma ntchito ya ukalaliki ku nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo, ndinagula tenti imodzi ndi mipando yapulasitiki, n'kuyamba kubwereketsa pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa maliro. Malisiti a katundu ameneyo ndikadali nawo. Ine ndimasunga pepala lililonse: la mafuta, la msonkho, ngakhale la telala amene anasoka tenti itang'ambika ndi mphepo ku Chinsapo. Ali m'makatoni pansi pa bedi ndi pamwamba pa kabati, chaka chilichonse katoni yakeyake. Mayi a kunyumba amati tsiku lina chiswe chidzabwera kudzandithokoza. Ine ndimawayankha kuti munthu wopanda pepala amatsala ndi pakamwa pokha, ndipo pakamwa pa anthu a m'tauni muno ndimapadziwa.

Kale munthu akafuna tenti ankabwera yekha kunyumba kwanga ku Area 23. Ankakhala pa benchi pakhonde, mayi n'kumupatsa madzi, iye n'kumafotokoza. Akakhala maliro, unkamva zonse usanalembe kanthu: wamwalira ndani, thupi lili kuti, akudikira ndani, wamva ndani ndipo sanamve ndani. Sunkachita kufunsa. Munthu wachisoni amalankhula yekha.

Za foni anabweretsa ndi mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, atabwerera pakhomo banja lake litatha. Sindinganame, foniyo inatikweza. Tikamanga tenti paliponse iye ankajambula n'kuika chithunzicho pa sitetasi, paja pamene munthu amapachika chithunzi kuti aliyense amene ali ndi nambala yake achione. M'munsi mwa chithunzi chilichonse munkakhala nambala yathu. Anthu a ku Area 25, a ku Mgona, a ku Chigwirizano, amene sindinawaonepo nkhope, anayamba kutiitana. Chikole ankalipira pafoni pomwepo. Ndinasiya zopalasa njinga mpaka ku Mtsiliza kukafuna munthu amene anasamuka dzana. Matenti anachuluka, mpaka ndinagula kalole kakale konyamulira katundu. Chomwe chinkandinyansa n'chakuti uthenga wa pafoni ulibe kaboni, kope lija lotsala kwa iwe ukalemba risiti. Choncho ndinalamula kuti uthenga uliwonse wa oda aziwerenga mokweza, ine n'kumaukopera papepala ndi dzanja langa. Ankandiseka, koma ankawerenga.

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali m'nyengo yotentha, mango asanapse. M'mawa uthenga unalowa, mwana wanga n'kuwerenga: "Tenti yaikulu imodzi ndi mipando, ku Kawale, kwa owotcherera zitsulo aja. Atisiya m'bandakucha." Anatumiza ndi mnzake wa malemuyo wogwira naye ntchito. Uthenga wonse unali womwewo.

Munthuyo tinkamudziwa. Anali wochokera ku Mulanje, wamphamvu zake, wa nthabwala, ndipo mapaipi onse a matenti athu anawotcherera ndi iyeyo. Akuti anangogwa pa ntchito dzulo lake madzulo, kukafika kuchipatala sanadzukenso. Mwana wanga anawerenga uthengawo kawiri, misozi n'kuyamba kutsika.

Tinapakira katundu n'kupita. Pamsewu wolowera kunyumbako anali ataika kale masamba, ndipo amayi anali akulira m'nyumba. Tinamanga tenti panja pa geti, geti ya buluu imene malemuyo anaipanga yekha, ya mbalame ziwiri zachitsulo pamwamba. Ku Kawale konse kulibe geti ina yotero. Titamaliza ndinaona mwana wanga akukweza foni kujambula monga ankachitira pa ntchito iliyonse. Mnzake wa malemu uja anasaina pepala langa kuti katundu wafika, ife n'kubwerera.

Dzuwa litangopendeka, ndili pakhonde kuika pepala lija mu faelo, njinga yamoto ya kabaza inaima pageti. Panatsika bambo wina wamfupi, waimvi, atavala jekete ngakhale kunali kutentha. Sananene odi.

"Eni ake a matenti ndinu?"

"Ndine. Fikani bambo, mpando uwu."

"Sindinabwerere mpando ine. Ndine malume wake wa malemu wa ku Kawale uja. Wakutumani ndani kuti mulengeze maliro athu?"

Ananditambasulira foni yake pafupi ndi mphuno. Chinali chithunzi cha tenti yathu, geti ya buluu kumbuyo kwake, mbalame zija zikuoneka bwinobwino. Pamwamba mwana wanga anali atalemba dzina la malemuyo, ndi mawu akuti anali munthu wabwino, mzimu wake uuse mumtendere. M'munsi munali nambala yathu, monga mwa masiku onse.

"Mayi ake a mwanayu, achemwali anga, ali mu basi pano ndikulankhula pano," anatero bamboyo. "Tawauza kuti mwana wadwalika, abwere adzamuone. Ali ndi mlongo wake wa malemuyo, nayenso sakudziwa kanthu. Achemwali anga mtima wawo si wabwino. Tsiku limene anamwalira alamu anga anagwa, anakatsitsimukira kuchipatala. Ndiye inu mukufuna tiike awiri?"

Sanafunike kundiphunzitsa mwambo. Ine ndine wa ku Dowa, iwo a ku Mulanje, koma pamenepa sitisiyana. Mayi sauzidwa za imfa ya mwana wake ali panjira, pakati pa alendo. Amayamba wafika, wakhala pansi, pali amayi omugwira, kenako munthu wamkulu wa pabanja n'kumuuza ndi pakamwa. Ndapitako ine ndi mauthenga otero kwa anthu, ndipo ndanamapo bodza lomwelo lakuti wodwala wangofooka.

Komabe magazi anandiwira, chifukwa munthu anali kundikalipira pakhonde langa. Ndinatsegula faelo.

"Bambo, taonani apa. Uthenga umene tinalandira ndi uwu, ndinaukopera mawu ndi mawu. Palibe pamene analemba kuti mayi ake sanamve. Akanabwera munthu pano kudzakhala pansi..."

"Pepala lanulo mukakulungire mtedza," anandidula. "Ine ndikunena za munthu wamoyo amene ali mu basi."

Ndinatseka faelo. Zinandipweteka, koma ankanena zoona.

Ndinaitana mwana wanga, amene ankatsuka mbale zathu zobwereketsa zochokera ku ukwati wa Loweruka kuseri kwa nyumba. Atamva, anakhala pansi pa simenti manja ali ndi thovu.

"Adadi, mlongo wakeyo nambala yathu ali nayo. Anabwereka mipando kwa ife pa chinkhoswe chake, nthawi ija ankakhala ku Biwi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Chotsa!"

Anapukuta manja pachitenje, n'kutenga foni. Anadina, anadinanso.

"Bandulo yatha."

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo tsiku limenelo kugula bandulo ndi ndalama za pafoni kunkakana. Anathamanga opanda nsapato kupita kwa ejenti wa pakona. Kumeneko anamuuza kuti netiweki palibe. Anapitirira mpaka ku golosale ya kumsika kukagula mayunitsi okala. Nthawi yonseyo ine ndi malume aja tinali chiimire pakhonde, osayang'anana. Mayi a kunyumba anabweretsa madzi, bamboyo sanawakhudze.

Atabwera ali wefuwefu, anatsegula pamene pamaonetsa anthu amene aona chithunzi. Mayina anali mndandanda wautali, chala chake chinangoyenda osafika kumapeto. Anthu onsewo pa ka nthawi kochepa chomwecho! Anayang'ana mosamala mpaka pansi.

"Iye sanaone. Dzina lake mulibe."

Anachotsa chithunzicho. Malume aja anapuma mwamphamvu n'kukhala pa benchi koyamba. Anatenga kapu ya madzi ija. Asanamwe, foni yawo inalira m'thumba, kenako inaliranso, n'kuliranso.

Chinali chithunzi chomwe chija. Mayi wina wogulitsa zitenje ku Kawale anali atachikopera kale n'kuchiponya mu gulupu ya pafoni ya anthu a kwawo kwa malemu, momwe muli a mu Lilongwe muno ndi a kumudzi omwe. Pansi pake anthu anali atayamba kale kuika tinkhope tolira ndi mawu opepesa. Ena ankafunsa kuti mwambo uli liti. Mlongo wake wa malemu anali mu gulupu imeneyo.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chinthu chimene ndinali nditalola m'nyumba mwanga. Pepala lolakwika umaling'amba, kaboni yake n'kuiwotcha, nkhani yatha. Ichi tinachipha pano chili chitaswa kale kwina.

"Angachotse ndi amene anatumiza, kapena mkulu wa gulupuyo," anatero mwana wanga.

Tinaimbira mayi wa zitenje uja. Sanayankhe, anali m'nyumba ya maliro akuimba nyimbo. Mkulu wa gulupu ankagwira ntchito ku Kanengo, ndipo ine ndikudziwa bwino kuti kumeneko mafoni amasiyidwa pageti mpaka nthawi yoweruka.

"Amalume, aimbireni a mu basiwo," anatero mwana wanga. "Muwauze azimitse intaneti, munene kuti asunge batire."

Bamboyo anamuyang'ana moipidwa chifukwa chomutchula malume, koma anaimba, n'kuika foni poti tonse tizimva. Kunamveka phokoso la injini ndi nyimbo za mu basi.

"Amalume! Achimwene ali bwanji?"

"Madokotala akumuona, mwanawe. Mwafika pati?"

"Tadutsa pa Ntcheu, tikuyandikira Lizulu."

"Tamvera. Uzimitse intaneti yakoyo, usunge batire kuti tizikupeza."

Mtsikanayo anaseka. "Musadandaule amalume, basi yake ndi yamakono iyi, mpando uliwonse uli ndi pochajira. Netiweki yokha ndi imene ikuvuta kuno, mauthenga sakulowa n'komwe."

Kenako patali pang'ono panamveka mawu a mayi wachikulire: "Uwafunse ngati wadya kanthu. Amakana zakudya za kuchipatala ameneyo."

"Mwamva amalume? Akuti wadya?"

"Wadya," anatero bamboyo, n'kudula foni. Anavula chipewa n'kuchifinya m'manja.

Tonse tinkadziwa kuti netiweki ikuvuta m'mapiri mokha. Basi ikangotulukira poyera, mauthenga onse alowa nthawi imodzi. Kuwonjezera apo, mayiwo anali ndi kafoni kawo kamabatani, ndipo kumudzi anthu anali ataona kale. Panangofunika munthu mmodzi wachifundo chopusa kuti aimbe n'kunena kuti pepani.

"Tikaichingamire basiyo," ndinatero. "Galimoto ilipo. Titenge amayi awiri, tikawatsitse panjira, muwauze nokha asanamve kwina."

"Mafuta muli nawo?"

Ndinalibe okwanira. Masiku amenewo pa mafilingi siteshoni panali mizere yogona. Tinagula a m'zigubu kwa anyamata a ku Biwi, pa mtengo umene sindifuna kuukumbuka, ndipo risiti panalibe. Ndinafunsa ndithu. Anandiseka.

Tinadzera ku Kawale kukatenga amayi a mpingo. Zimene ndinaona kumeneko ndikazikumbuka mpaka lero mtima umandiwawa. Pansi pa tenti yanga, pa mipando yanga, panali amuna atakhala mizeremizere, theka la iwo mitu ili pa mafoni. Nkhani inali itafika kale. Nditatsika, onse anandiyang'ana ngati ndine ndapha munthuyo. Bambo wina wa mimba yake, amene ndinkamudziwa kuti ndi dalaivala wa minibasi, analankhula mokweza kuti aliyense amve:

"Ndi amenewa a bizinesi. Anzawo akulira, iwo akutsatsa malonda."

Ndinamuyandikira. "Bambo, foni yanuyo chithunzicho mulibe?"

"Anachita kunditumizira."

"Inu simunatumizire aliyense?"

Anayang'ana kumbali. "Anthu awiri okha, achibale."

Aliyense pamenepo anali ndi anthu ake awiri okha. Mwana wanga anaika chithunzi kamodzi, ndi misozi, n'kuchichotsa. Iwo anachinyamula pamutu kuchifikitsa ku Mulanje, ku Joni, kulikonse kumene kuli munthu wa kwawo, aliyense akufuna akhale woyamba kudziwitsa anzake. Koma wolakwa anali wa matenti, chifukwa nambala yolembedwa m'munsi inali yake. Ndinkafuna kunena zonsezi pomwepo, koma malume aja anandikoka dzanja.

"Mudzakangana mawa. Tiyeni."

Anatuluka amayi awiri achikulire atavala yunifolomu ya mpingo. Malume anawabweza.

"Mukatero achemwali akangokuonani adziwa. Valani zitenje wamba, ndipo mipango yoyerayo muvule."

Mmodzi wa iwo anali ndi mng'ono wake wokwatiwa pa Nathenje, nyumba yake pafupi ndi msewu. Tinagwirizana kuti tikawatsitsire pamenepo. Mayi wa zitenje uja anapezeka, anachotsa chithunzi chake uku akulumbira kuti iye anangoona kwa ife. Koma ena atatu anali atachiponyanso mu gulupu momwemo.

Malume anakhala kutsogolo ndi ine. Amayi aja ndi mwana wanga anakhala kumbuyo pa tenti yopinda. Kalole kanga sikathamanga, ndipo tsiku limenelo kankakhala ngati kakuchita dala. Titadutsa pa mphambano ya ku Bunda tinapeza lole ya njerwa ikukwawa, kutsogolo kukubwera magalimoto osaduka. Pagalasi ndinkaona mwana wanga foni ili kukhutu, akuimbira anthu mmodzimmodzi kuwapempha kuti achotse. Ena ankavomera, ena ankamufunsa kuti iye ndi ndani. Anandiuza pambuyo pake kuti ali mkati mopempha choncho, munthu wina wa ku Area 25 anatumiza uthenga wofunsa mtengo wa tenti ngati ya ku Kawale ija, akuti yamusangalatsa.

Pa rodibuloko wapolisi anatiimitsa chifukwa cha anthu a kumbuyo. Ndinatulutsa mapepala onse a galimoto, ali mu pulasitiki mwadongosolo lake. Anayamba kuwawerenga limodzilimodzi, mosafulumira. Malume anatulutsa mutu pawindo.

"Bwana, tikukanena maliro kwa mayi wa mwana."

Wapolisiyo anatiyang'ana, anayang'ana amayi aja, n'kundibwezera mapepala osamaliza.

Titadutsa pa Nanjiri malume anaimbanso. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Chimodzimodzi. Anayesa kafoni ka achemwali awo, kanali kozimitsa.

"Mwina agona," ndinatero.

"Inu ingoyendetsani galimoto."

Patapita kanthawi kunalowa uthenga wochokera kwa mtsikana uja. Malume anauwerenga mokweza: "Tili pa Linthipe." Panalibe moni, panalibe kufunsa za achimwene ake. Bamboyo anayang'ana mawu atatuwo nthawi yaitali. Kenako analemba kuti atsikire pa Nathenje, tabwera ndi galimoto. Yankho linali liwu limodzi: "Chabwino."

Ine m'mutu mwanga ndinkangoona basi itaima m'mbali mwa msewu, anthu atazungulira mayi wogona pansi, wina akumukupiza ndi chitenje.

Tinafika pa Nathenje basi isanafike. Amayi aja anapita kukakonza m'nyumba, kuyala mphasa ndi kuchotsa ana. Ife tinaima pamsewu pakati pa ogulitsa tomato ndi nzimbe. Mayi wina ankandikakamiza kugula anyezi, ndinamukalipira popanda chifukwa. Basi iliyonse ikaonekera, malume ankatsogola mpaka pa phula. Zinadutsa ziwiri zosakhala zathu. Mwana wanga anaima kumbuyo kwa galimoto atagwira foni ndi manja awiri ngati mbale yotentha.

Kenako inabwera, yaikulu, n'kuima mopumira. Anayamba kutsika ndi mtsikana uja, mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, atafunda chitenje kumutu. Sanayang'ane aliyense. Anatembenuka n'kugwira dzanja mayi ake kuwatsitsa pa masitepe.

Anali mayi wochepa thupi, atavala juzi ndi nsapato zoyera zopitira kutchalitchi. Kudzanja anali ndi fulasiki, ndipo kondakitala anawatsitsira dengu la nthochi ndi zinanazi. Ataona mlongo wawo anamwetulira.

"Achimwene, mpaka kutichingamira kuno? Ndiye kuti mwanayo aliko bwino, eti? Ndamuphikira phala la mpunga, likadali lofunda."

Apo ndinadziwa. Sanamve.

"Tiyeni tikapume kaye m'nyumba umo, achemwali," anatero malume, mawu ali bwinobwino ngati palibe kanthu. "Dzuwali lakuwombani. Timwe madzi, kenako tizipita."

"Tipumiranji? Tiyeni tikamuone kaye."

"Galimotoyi yatentha, iyambe yazizira. Si choncho a dalaivala?"

"Ndi choncho, mayi," ndinatero. "Yatentha kwambiri."

Anang'ung'udza pang'ono za magalimoto akale, koma anatsatira mlongo wawo. Amayi aja anawalandira pakhomo, chitseko n'kutsekedwa.

Mtsikana uja sanalowe. Anazungulira kuseri kwa galimoto yanga, anagwira chitsulo cha kumbuyo, n'kutsetsereka mpaka pansi. Atachotsa chitenje kumutu ndinaona kuti mlomo wake wam'munsi unali utatupa, pali magazi. Anali akudziluma. Mwana wanga anagwada pambali pake.

"Ndinaona pa Dedza," anatero mtsikanayo motsitsa, maso ali kuchitseko chija. "Netiweki itangobwera, foni inayamba kunjenjemera osaleka. Ndinati mwina ndi za kuchipatala. Kutsegula, geti ya achimwene."

Kenako anapitiriza:

"Amayi ali pambali panga pomwepa, phewa ndi phewa. Akundiuza zoti akachira timutengere kumudzi akapume, azikadya nyemba za kalongonda. Akundifunsa kuti maso afiira bwanji, ine ndikuti ndi fumbi. Kafoni kawo kanayamba kuitana m'chikwama, ndinaona ndi azakhali a kumudzi. Ndinakalanda, ndinachotsa batire, ndinati kawonongeka. Anandikalipira kuti ndine wosasamala. Ndinafunda chitenje ngati ndagona. Kuchokera pa Dedza mpaka pano, asisi. Kulira osatulutsa mawu, thupi osagwedeza, chifukwa akanamva."

"Pepani," anatero mwana wanga. "Ndine ndinaika. Sindinadziwe kuti..."

"Ndikudziwa kuti ndinu, nambala yanu ndinaiona. Munalemba bwino. Munati anali munthu wabwino." Anapukuta mlomo ndi chitenje. "Koma achimwene anga ine ndawamvera pa chithunzi cha tenti."

Ine ndinali chiimire pomwepo. Wogulitsa nzimbe wina anabwera kudzasuzumira, ndinamuthamangitsa ndi dzanja.

M'nyumba muja ndinkamva mawu a malume okha, otsika, osamveka chimene akunena. Kenako kunamveka mfuu umodzi wautali, wotchula dzina la mwana. Ogulitsa onse pamsewu anatembenuka. Ndinagwira chitseko cha galimoto, ndikuwerengera m'mutu njira yachidule yopita kuchipatala. Mfuuwo unaduka. Ndinadikira. Ndiye unayambanso, wamphamvu, ndipo amayi aja anaulandira, wina n'kuyambitsa nyimbo.

Apo mtsikana uja anadzuka, anatsegula pakamwa, kulira konse kumene anakusunga kuchokera pa Dedza n'kutuluka. Anathamangira m'nyumbamo akuitana mayi ake.

Mayiwo sanagwe. Amayi aja anawagwira uku ndi uku, anawamwetsa mankhwala awo amene anali m'chikwama, anawasiya alire mpaka mphamvu zitachepa. Dzuwa litatsika anawatulutsa akuyenda ndi miyendo yawo. Tinawakweza kutsogolo, pakati pa ine ndi malume. Fulasiki ija anali akadaigwira, ndipo palibe amene analimba mtima kuwalanda.

Ndinayendetsa pang'onopang'ono. Kumbuyo amayi ankaimba, mwana wanga atakumbatira mtsikana uja. Mayiwo ankalira, kuleka, n'kuyamba kufunsa mlongo wawo: anagwa nthawi yanji, ananena chiyani, anali ndi ndani. Malume ankayankha chilichonse mosabisa. Pena mayiwo anagwira dzanja la mlongo wawo n'kunena kuti:

"Mwachita bwino kundiuza nokha, achimwene. Ndikanamvera kwa anthu a mu basi sindikanafika."

Malume sanandiyang'ane.

Tikulowa mu mzinda, mayiwo anatembenukira kwa ine ngati akundiona koyamba.

"Nanga bambowa ndi ndani?"

"Ndi a matenti," anatero malume.

"Zikomo bambo, mwasiya ntchito zanu chifukwa cha ife. Mulungu akudalitseni."

Ndinangoti, "Pepani mayi," maso ali pamsewu.

Ku Kawale tinaponda masamba aja kukadali kowala. Amuna a pansi pa tenti anaimirira, mafoni analowa m'matumba. Amayi a m'nyumba anatuluka kudzawachingamira. Mayiwo anatsika, anapatsira mlongo wawo fulasiki, anamanga chitenje m'chiuno, n'kulowa pageti ya mwana wawo akulira mokweza, anthu awo atawagwira mbali zonse.